Shuga m'magazi: mafunso ndi mayankho okhudza kadyedwe, ntchito ndi zizolowezi za tsiku ndi tsiku

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga, amabwerera kunyumba ndi mapiritsi ndi malangizo awiri atatu: musiye zotsekemera, muzidya mgaiwa, muzilimbitsa thupi. Odwala amakhala ambiri pamzere, nthawi yofotokoza zonse siipezeka. Zotsalazo amakazimva kwa anansi, kumpingo, mu minibasi ndi pa WhatsApp, komwe zoona ndi zabodza zimabwera zitasakanikirana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene odwala ndi owasamalira amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake akukhudza makamaka shuga wa mtundu wachiwiri, amene amagwira akuluakulu.

Ine sindikonda zotsekemera. Nanga shugayu akuchokera kuti?

Shuga amene amayezedwa m'magazi si wa m'paketi yekha ayi. Nsima, mpunga, buledi, chinangwa, mbatata ndi kachewere zili ndi sitachi, ndipo sitachi ikagayidwa m'mimba imasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Mtanda wa nsima sutsekemera m'kamwa, koma pakatha ola limodzi mbali yaikulu imakhala itasanduka shuga. Chiwindi nachonso chimasunga shuga n'kumamutulutsa usiku, n'chifukwa chake ena amapezeka ndi shuga wokwera m'mawa asanalawe kanthu.

Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe amapereka mphamvu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Pa shuga wa mtundu woyamba, amene nthawi zambiri amayamba paubwana kapena paunyamata, kapamba amasiya kupanga insulini, ndipo munthu wotere sangakhale ndi moyo popanda jakisoni wa insulini. Palibe chakudya, masewera kapena chitsamba chimene chingalowe m'malo mwa jakisoniyo. Pa mtundu wachiwiri, umene uli ndi anthu 9 mwa 10 alionse odwala shuga, insulini amakhalapo koma ndi wochepa, kapena thupi silimumvera bwino. Apa ndiye pamene kadyedwe ndi zochita za munthu zimagwira ntchito yaikulu.

Kodi kusintha kadyedwe kumathandizadi, kapena ndi mawu ongotonthozera odwala?

Kumathandiza ndithu, ndipo izi zinayesedwa pa anthu ambiri. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anatenga anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Ena anawathandiza kuchepetsa thupi ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, ena anawapatsa mapiritsi a shuga otchedwa metformin, ena sanawapatse mankhwala enieni. Kusintha kadyedwe ndi zochita kunachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti, pamene metformin anachepetsa ndi 31 peresenti.

Ku Britain nakonso, kafukufuku wa DiRECT anaonetsa mu 2017 kuti anthu onenepa amene anali atadwala shuga kwa zaka zosapitirira 6, atachepetsa thupi kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala, pafupifupi theka la iwo shuga wawo anabwerera m'malo mwake kwa chaka popanda mapiritsi. Izi n'zolimbikitsa, koma muzimve bwino: anthuwa anali onenepa kwambiri, matenda awo anali asanakhalitse, ndipo ankayezedwa pafupipafupi. Kwa odwala ambiri, phindu la kusintha moyo si kutaya mankhwala, koma kuti mankhwalawo agwire bwino, mlingo wake usamangokwezedwa, ndipo maso, impso, mtima ndi mapazi zitetezeke kwa zaka zambiri.

Ndiye ndisiye nsima?

Ayi. Munthu amene wauzidwa kuti asiye nsima amapirira masabata ochepa, kenako amabwerera mwakale ali ndi mkwiyo ndi njala, ndipo malangizo ena onse amawataya limodzi. Chofunika kusintha ndi kuchuluka kwa nsimayo ndi zimene zikuiperekeza.

Taganizani mmene chakudya chamadzulo chimaonekera m'makomo ambiri. M'mbale yaikulu muli mitanda itatu kapena inayi yoyera bwino, yofuka nthunzi. Pambali pali kambale ka ndiwo, timatemba tiwiri ndi msuzi wa tomato, kapena mpiru wochepa woti nkungosunsa. Ndiwo ili pomwepo kuti nsima itsike kukhosi basi. Kwa munthu wa shuga, dongosolo limeneli litembenuzidwe. Theka la mbale likhale masamba, kagawo kamodzi kakhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo kagawo kotsalako ndiko kakhale ka nsima, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu. Amene amagwira ntchito yolemetsa tsiku lonse angafunike kuposera apo, koma aonjezere pang'onopang'ono akuona mmene shuga wake akuyendera.

Yambani ndi ndiwo musanafike pa nsima. Masamba ndi nyemba zikayamba kulowa m'mimba, zimachedwetsa kugayika kwa sitachi, ndipo shuga sakwera mwadzidzidzi. Komanso ndi bwino kudya katatu pa tsiku moyenerera kusiyana ndi kukhala ndi njala mpaka madzulo n'kudzadya mitanda isanu nthawi imodzi. Chizolowezi chodya kamodzi kokha chakudya chachikulu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimavutitsa shuga kwambiri kwa anthu ochita malonda ndi oyendetsa galimoto.

Mgaiwa ndiye mankhwala ake, si choncho?

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma si mankhwala. Popanga ufa woyera, chimanga chimakonoledwa, madeya amachotsedwa, mphale imanyikidwa m'madzi masiku angapo, n'kuyanikidwa, kenako kuchigayo. Zimene zimapita ku nkhuku ndi nkhumba monga madeya ndi zimene thupi lathu limafuna: makoko amene amachedwetsa kugayika kwa chakudya, mafuta abwino ndi mavitamini. Mgaiwa umasunga zonsezi chifukwa chimanga chimagayidwa chathunthu. Gramil ali pakatikati.

Komabe mbali yaikulu ya mgaiwa ndi sitachi yemweyo. Mitanda inayi ya mgaiwa ikweza shuga kuposa mtanda umodzi wa ufa woyera. Ndimaona kuti anthu ambiri amapusitsika apa, amasintha mtundu wa ufa n'kuganiza kuti tsopano angadye mmene angafunire. Chimodzimodzinso nsima ya mapira ndi ya mawere: ndi yabwino, koma muyeso ndi womwewo. Kondowole wa kunyanja ndi sitachi pafupifupi yekhayekha, choncho akhale wochepa ndipo nsomba ndi chigwada zichuluke. Mpunga woyera ndi buledi woyera zimakweza shuga msanga. Mbatata yowiritsa ndi kadzutsa wabwino kusiyana ndi mandasi kapena zitumbuwa, bola ikhale imodzi yapakatikati, osati mbale yodzaza.

Ndalama ndilibe zogulira zakudya zapadera. Nditani?

Zakudya zapadera sizikufunika. Zimene zimathandiza kwambiri ndi zotchipa pamsika, zina zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, therere, mpiru, kabichi ndi mabilinganya sizikweza shuga kwenikweni, ndipo mungadye mpaka kukhuta. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zili ndi sitachi ndithu, koma zimagayika mochedwa ndipo zimakhalitsa m'mimba. Usipa, matemba, utaka ndi mazira sizikweza shuga. Nsinjiro zothira m'masamba ndi zabwino, ndipo mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi umatha kupha njala ya pakati pa tsiku kusiyana ndi bisiketi.

M'nyengo yachilimwe masamba akasowa, mfutso umagwira ntchito yomweyo. Chimene muyenera kusamala pophika ndi mchere ndi mafuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'nsomba zouma ndi wa m'timabuloko tokometsera ndiwo. Izi n'zofunika chifukwa shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi, ndipo zikakumana zimawononga impso ndi kubweretsa sitiroko.

Nanga tiyi, thobwa ndi zoziziritsa kukhosi?

Ngati pali chinthu chimodzi choti musiyiretu, ndi zakumwa zotsekemera. Shuga wosungunuka m'madzi safuna kugayidwa, amangolowa m'magazi nthawi yomweyo. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga woposa magalamu 30, pafupifupi timasupuni 8. WHO imalangiza kuti ngakhale munthu wamkulu wosadwala asapitirire timasupuni pafupifupi 12 ta shuga wowonjezera pa tsiku lonse, ndipo n'kwabwino koposa kutsika kufika pa 6. Zakumwa zosungunula ndi madzi, majuwisi a m'mapaketi, maheu ogulitsa ndi mafirizesi zili m'gulu lomweli.

Thobwa limaoneka ngati lachilengedwe, koma chimera chimene chimathiridwamo ntchito yake ndi kusandutsa sitachi kukhala shuga, n'chifukwa chake limatsekemera ngakhale lisanathiridwe wa m'paketi. Ndiye ambiri amathiramonso. Kwa wodwala shuga, chikho cha thobwa n'chimodzimodzi ndi choziziritsa kukhosi.

Tiyi payekha alibe vuto. Vuto ndi timasupuni titatu kapena tinayi timene timalowamo. Chepetsani theka la kasupuni sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere. Uchi ndi shuga wabulauni sizothawirako, zimakweza shuga wa m'magazi chimodzimodzi. Madzi akumwa ndiye muzimwa mokwanira.

Zipatso ndi zololedwa? Nthawi ya mango ndimavutika.

Ndi zololedwa, bola zikhale zathunthu ndiponso zoyeza. Gwafa, lalanje, chidutswa cha papaya, masau kapena masuku ochepa, nthochi yaing'ono yosapsa kwambiri, zonsezi mungadye kamodzi kapena kawiri pa tsiku, osati zonse nthawi imodzi. Peyala lili ndi shuga wochepa kwambiri. Mango ndiye amavuta chifukwa sitidya limodzi, timakhala pansi pa mtengo ndi beseni. Bango limodzi laling'ono mutatha kudya chakudya silingakupwetekeni, koma khumi ndi nkhani ina. Nzimbe zisiyeni. Chipatso chofinyidwa kukhala juwisi chataya makoko ake n'kutsala madzi a shuga, ndiye idyani lalanjelo m'malo molifinya.

Ndimalima, ndimatunga madzi, ndimayenda. Kodi ndikufunikanso masewera olimbitsa thupi?

Ngati mumachitadi zimenezi masiku ambiri mpaka kutuluka thukuta, ndiye masewera ake ndi omwewo. Thupi silisiyanitsa pakati pa khasu ndi zitsulo za ku jimu. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini ali wochepa, ndipo ikatha ntchitoyo thupi limapitiriza kumvera insulini bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake sibwino kudutsa masiku awiri otsatizana osachita kanthu.

Koma dzifunseni moona mtima. Ulimi uli ndi nyengo: kuyambira pogalauza mpaka pokolola ntchito imachuluka, kenako pamabwera miyezi yokhala pakhonde chakudya chili chodzaza m'nkhokwe. M'tauni namo, mtunda umene kale tinkayenda pansi tsopano timakwera kabaza. Wogulitsa mu golosale, telala, mlembi wa mu ofesi ndi dalaivala amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Muyeso wa WHO ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, mukuyenda mwandawala moti mungathe kulankhula koma osatha kuimba. Muonjezereponso masiku awiri a ntchito yofuna mphamvu, monga kunyamula, kukumba, kapena kukhala ndi kudzuka pampando kambirimbiri.

Njira imene ndimailimbikitsa koposa ndi kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukangotha kudya, makamaka madzulo. Nthawi imeneyo ndi pamene shuga akukwera, ndipo miyendo imamugwiritsa ntchito asanafike patali. Ngati kunja kwada, yendani pabwalo la nyumba, tsukani mbale, sesani. Kudya n'kupita pamphasa pompo ndiko koyenera kupewa. Amene mumamwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena kubaya insulini, musachoke pakhomo popanda maswiti atatu kapena anayi m'thumba, chifukwa shuga angatsike mopitirira muyeso.

Ndikaonda anthu ayamba kundinena kuti ndikudwala. Kodi kuchepetsa thupi n'kofunikadi?

Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni. Kwathu kuno kunenepa kumatengedwa ngati chizindikiro cha kupeza bwino ndi mtendere wa m'banja, ndipo kuyambira zaka zimene Edzi inavuta, munthu akaonda anthu amanong'onezana. Koma simukufunika kuonda mpaka kusintha nkhope. Kutsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu kumasintha shuga mooneka. Kwa munthu wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8, otsika pang'onopang'ono m'miyezi ingapo.

Mafuta oopsa ndi a pamimba, chifukwa amaunjikana mozungulira chiwindi ndi kapamba. Mungadziyeze ndi chingwe: chiyezeni kuchokera kumutu mpaka kuphazi, chipindeni pakati, ndiye muchizungulize pamimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mimba yakula kupitirira muyeso.

Tisaiwale kuti kuno odwala shuga ambiri ndi ochepa thupi kale. Ngati ndinu wotero, musayese kuonda. Chepetsani zotsekemera, onjezerani nyemba, nsomba, mazira ndi mtedza. Ndipo ngati mukuonda popanda kufuna, pitani kuchipatala msanga. Kungakhale kuti thupi likusowa insulini, kapena kuti mwalowa TB, imene imagwira odwala shuga mosavuta kuposa anthu ena.

Anzanga akuti cham'mwamba, nimu ndi adyo zimathetsa shuga. Ndi zoona?

Palibe chitsamba chimene chinatsimikizidwa kuti chimathetsa shuga. Pa cham'mwamba, sinamoni ndi zina zotere pachitika timakafukufuku tating'ono, tina tikuonetsa kutsika pang'ono, tina osaonetsa kanthu. Kudya masamba a cham'mwamba ngati ndiwo n'kwabwino, monga mmene zilili ndi bonongwe. Adyo ndi jinja m'chakudya zilibenso vuto. Zimene zimandidetsa nkhawa ndi mabotolo a madzi owawa ogulitsidwa m'misika, m'mabasi ndi pa Facebook, olembedwa kuti amachiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi.

Maganizo akuti chowawa chimapha chotsekemera amamveka bwino m'khutu, koma thupi siligwira ntchito choncho. Kuwawa kumathera pa lilime. Chimene chimafika m'magazi sitichidziwa kuchuluka kwake, chifukwa mphamvu ya chitsamba imasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaphikidwe. Impso za munthu wa shuga zimakhala zili kale pachiopsezo, ndipo ndizo zimene zimasefa zonse zimene mwamwa. Choopsa china n'chakuti munthu akayamba botolo lija amasiya mapiritsi, amamva bwino kwa kanthawi chifukwa shuga wokwera sapweteka, n'kudzatulukira kuchipatala maso atachita khungu kapena phazi litaola.

Ndipotu metformin amene mumalandira kuchipatala chiyambi chake ndi chomera. Ku Ulaya kuli chitsamba chotchedwa Galega officinalis chimene anthu akale ankachigwiritsa ntchito. Asayansi anapeza kuti chimatsitsadi shuga koma chili ndi poizoni, ndipo kuchokera pa zimene anaphunzirazo kunapangidwa mankhwala otetezeka, amene dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayamba kupatsa odwala shuga mu 1957. Kusiyana kwa piritsi ndi botolo la pamsika ndi kwakuti piritsi mlingo wake ndi zovuta zake zimadziwika. Ngati pali chitsamba chimene mukumwa, auzeni achipatala mosabisa.

Shuga wanga watsika bwino. Ndisiye mankhwala?

Osasiya nokha. Nthawi zambiri watsika chifukwa cha mankhwala omwewo pamodzi ndi khama lanu. Pitani ndi zotsatira zanu kuchipatala, ndipo ngati n'koyenera adzachepetsa mlingo ndi iwo. Ngakhale amene shuga wake wabwerera m'malo popanda mapiritsi ayenera kumayezetsabe, chifukwa amatha kubwereranso thupi likakwera.

Kumbali inayi, ngati mwayesetsa zonse koma adokotala akuti muyambe insulini, musadziimbe mlandu. Kapamba amafooka zaka zikamapita ngakhale kwa munthu wosamala kwambiri. Mphekesera yakuti ukayamba jakisoni ndiye kuti watsala pang'ono kufa imabwera chifukwa ambiri amavomera jakisoniyo mochedwa, thupi litawonongeka kale.

Kodi shuga angatsike mopitirira muyeso?

Inde, ndipo izi zimapha msanga kuposa kukwera. Zimachitika makamaka kwa amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulini, akadumpha chakudya, akagwira ntchito yolemetsa kapena akamwa mowa. Metformin payekha sakonda kuchita zimenezi. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzaoneni, mtima kugunda mofulumira, chizungulire, kukwiya popanda chifukwa ndi kulankhula zosokonekera ngati woledzera. Pamakina oyezera, shuga amakhala pansi pa 3.9 mmol/L (mmol/L ndi muyeso wa shuga m'magazi).

Apa ndiye pamene shuga wa m'paketi amapulumutsa moyo. Sungunulani timasupuni 3 kapena 4 m'madzi mumwe, kapena theka la botolo la choziziritsa kukhosi. Dikirani mphindi 15, ngati simunasinthe bwerezani, kenako idyani chakudya chenicheni. Munthu akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Am'banja mwanu, anzanu a kuntchito ndi oyandikana nawo adziwe zimenezi lero, chifukwa tsiku limenelo inu simudzatha kuwafotokozera. Mukasintha kadyedwe n'kuyamba kuona zizindikirozi pafupipafupi, ndiye kuti mlingo wa mankhwala ukufunika kuunikidwanso.

Ndingasale kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kumpingo?

Zimatengera munthu. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, amayi oyembekezera, odwala impso, ndi amene shuga wawo amatsikatsika, ndi bwino asasale. Chiphunzitso cha Chisilamu chimamasula odwala pa kusala, ndipo abusa ozindikira nawonso sakakamiza wodwala. Ena onse akaonane ndi achipatala masabata 6 kapena 8 kusala kusanayambe kuti nthawi ndi mlingo wa mankhwala zisinthidwe. Shuga akatsika pansi pa 3.9 kapena akakwera kupitirira 16.6, masulani nthawi yomweyo. Pomasula musayambe ndi zakumwa zotsekemera ndi zokazinga zambiri. Kukwera phiri kukapemphera masiku atatu osadya, osamwa, uku mukumwa glibenclamide, ndi kuika moyo pachiswe.

Mowa ndi fodya bwanji?

Masese ndi Chibuku zili ndi sitachi, zimakweza shuga. Kachasu ndi mowa wina waukali zimachita zosiyana: chiwindi chikatanganidwa ndi kuchotsa mowa chimasiya kutulutsa shuga, ndipo munthu amatha kukomoka usiku anzake n'kumaganiza kuti wangoledzera. Kumwa kwambiri kwa zaka kumawononganso kapamba weniweniyo. Kusiya n'kwabwino koposa, koma ngati mukumwabe, pang'ono pokha ndiponso mutadya. Fodya ndiye alibe muyeso wabwino. Amapanikiza mitsempha ya magazi imene shuga akuiwononga kale, ndipo wodwala shuga wosuta ali pachiopsezo chachikulu chodulidwa mwendo.

Akuti maganizo amakweza shuga. Kodi ndi zoona?

Ndi zoona. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi timene timauza chiwindi kuti chithire shuga m'magazi. Ngongole, fizi, maliro ndi mikangano ya m'banja zimaonekera pamakina. Kusagona mokwanira kumachitanso chimodzimodzi, ndipo wamkulu amafunika maola osachepera 7. Kunena kuti musamadandaule n'kosavuta, kuchita kwake n'kovuta. Chimene chimathandiza ambiri ndi kukhala ndi munthu wouzana naye zakukhosi, kupemphera, kuimba kwaya, kulima kadimba, ndi kucheza ndi odwala anzawo. Bungwe la Diabetes Association of Malawi linakhazikitsidwa kuti odwala azilimbikitsana, ndipo mungafunse ku kiliniki yanu ngati kuli gulu pafupi. Kukhumudwa kukafika posowetsa tulo ndi chilakolako cha moyo kwa masabata, amenewonso ndi matenda ofunika chithandizo.

Matenda ena monga malungo, chibayo ndi zithupsa amasokonezanso shuga, chimodzimodzi mankhwala ngati prednisolone. Mukadwala musasiye insulini, imwani madzi ambiri ndi kuyezetsa.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndikuchitazi zikugwira ntchito?

Poyeza basi. Mmene mukumvera m'thupi si umboni, chifukwa shuga amatha kukhala wokwera kwa zaka munthu akumva bwinobwino. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya anthu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo mu Africa muno oposa theka la odwala sadziwa kuti ali naye. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, nyerere kuunjikana pa mkodzo, kutopa ndi kusaona bwino zimabwera shuga atakwera kale kwambiri.

Matendawa amatsimikizidwa shuga wa m'mawa musanadye akafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse pamodzi ndi zizindikiro. Kwa amene akudwala kale, ambiri amalangizidwa kukhala pakati pa 4.4 ndi 7.2 asanadye, ndi pansi pa 10 patatha maola awiri atadya, ngakhale kwa okalamba ndi amayi oyembekezera miyeso imasiyana. Makina ena amaonetsa manambala aakulu a mg/dL. Gawani ndi 18 kuti mupeze mmol/L, choncho 126 ndi 7.0, ndipo 180 ndi 10. Palinso kuyeza kwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera miyezi itatu yapitayi, ndipo kwa ambiri cholinga ndi kukhala pansi pa 7 peresenti.

Timapepala toyezera n'todula, ndiye tigwiritseni ntchito mwanzeru. M'malo moyeza m'mawa mokhamokha tsiku lililonse, sankhani chakudya chimodzi, yezani musanadye ndiponso patatha maola awiri, mulembe m'kope zimene munadya. Sabata ina yesani chakudya china, kapena chomwecho koma mutayenda mphindi 15. Pakutha pa miyezi iwiri mudzakhala mukudziwa chimene mpunga, mbatata kapena mitanda iwiri zimachita m'thupi lanu, osati la mnzanu. Ngati makina mulibe, musaphonye tsiku la kiliniki, ndipo tengani buku lanu la kuchipatala nthawi zonse.

Pakhomo tiziphika miphika iwiri? Nanga ku ukwati ndi kumaliro?

Mphika umodzi ukukwana. Chakudya choyenera wodwala shuga ndi choyeneranso banja lonse, ndipo poti matendawa amayenda m'magazi a pachibale, ana anu mukuwateteza pomwepo. Kumupatula wodwala ndi kambale kake ka ndiwo zopanda kukoma pamene ena akudya zonona kumangomupangitsa kudya mobisa. Amayi amene anapezeka ndi shuga ali oyembekezera, ngakhale anatha atabereka, apitirize kusamala ndi kuyezetsa chifukwa amatha kudzabweranso.

Ku zochitika, idyani kanthu musananyamuke kuti musafike ndi njala. Pa mpunga, nsima ndi tchipisi sankhanipo chimodzi, mutenge nyama ndi saladi, mupemphe madzi. Kumaliro chakudya chimachedwa, ndiye amene muli pa mankhwala tengani mtedza kapena chipatso m'chikwama. Akakukakamizani, kungonena kuti "pepani, ndili ndi shuga" kumakwanira, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Chifukwa chiyani achipatala amalimbikira za mapazi?

Shuga wokwera kwa nthawi yaitali amapha mitsempha ya kumapazi. Zimayamba ndi dzanzi, kutentha kapena kubayabaya usiku, kenako phazi silimvanso kanthu. Munthu amaponda munga kapena khala la moto osadziwa, ndipo poti magazi sakuyenda bwino, kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chosapola. Yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala, kapena wina akuonereni. Sambitsani ndi madzi ofunda amene mwayesa ndi chigongono, pukutani bwino, pakani mafuta m'ming'alu koma osati pakati pa zala. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo la nyumba, gwedezani nsapato musanavale, musawothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, ndipo musadule zikhadabo kapena zikundu ndi lezala. Mphini pa mwendo wa munthu wa shuga ndi zoopsa kwambiri.

Chilonda chilichonse cha paphazi chikaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, osadikira kuti chinunkhe. Thamangiraninso kuchipatala ngati mukusanza mosalekeza, mukupuma mwabefu, muli ndi tulo tachilendo, mukumva kupweteka pachifuwa, mbali imodzi ya thupi yafooka, kapena maso asiya kuona mwadzidzidzi. Ngakhale zonse zili bwino, pemphani kuti kamodzi pa chaka akuyezeni maso, impso ndi mapazi, ndipo BP iyezedwe ulendo uliwonse umene mwapita ku kiliniki.